Mwana akati akuphunzira za mpikisano pa malonda, amaphunzira chiyani kwenikweni?

Lamulungu lina titaweruka ku mapemphero ku Mufakose mu Harare, mkulu wina wa mpingo, amene bambo ake anabwera kuno kuchokera ku Dedza m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anandikokera pamthunzi. "Achimwene, inu mumawerenga nyuzipepala, tandithandizani. Mtsikana wanga uja wa ku yunivesite ku Mount Pleasant akuti chaka chino wasankha phunziro la mpikisano. Ine ndakhala ndikulipira fizi kuti aphunzire zachuma. Kodi tsopano akufuna akakhale kochi wa Dynamos?"

Tinaseka, koma funso lawo silinali lachibwana. Nkhani za mpikisano pa malonda timazimva pa wailesi buledi akakwera mtengo kapena makampani awiri akamafuna kuphatikizana, ndipo ambiri timaganiza kuti bungwe la boma la Zimbabwe la Competition and Tariff Commission ndi apolisi a mitengo. Ntchito yawo si imeneyo. Phunziro la mtsikana uja lonse lagona pa funso limodzi: wogulitsa akakweza mtengo, wogula angathawire kuti?

Chigayo chimodzi m'mudzi

Tiyerekeze kuti m'mudzi muli chigayo chimodzi chokha. Kugaya ndowa imodzi kumamudyera mwini wake masenti 50, kuwerengera dizilo ndi malipiro a mnyamata wothira chimanga. Akamalipiritsa dola imodzi amabwera anthu 100 patsiku, phindu n'kukhala madola 50. Tsiku lina akweza n'kufika pa dola ndi theka. Anthu 30 aleka kubwera, abwerera ku mtondo. Otsala 70 alipirabe, pakuti chigayo china chili kutsidya kwa mtsinje. Phindu lake lafika pa madola 70. Ntchito yachepa, ndalama zachuluka.

Wophunzira amauzidwa kuti ayang'anitsitse magulu awiriwa mosiyana. Anthu 70 aja ndalama zawo zangosamuka, kuchoka m'mipango yawo kupita m'thumba la mwini chigayo. Koma za anthu 30 aja palibe amene wapindula nazo. Iwo akutuluka matuza ndi munsi, injini ili chete, pamene anali okonzeka kulipira ndalama yoposa imene kugayako kumadya. Kutayika kumeneku, kopanda wotola, ndi kumene kumawawa akatswiri a zachuma akamanena za wogulitsa amene ali yekha pamsika, amene pa Chingerezi amati monopoly. Mphamvu yokweza mtengo makasitomala osathawa ambiri ndi imene amaitcha mphamvu pamsika, ndipo sifunika kuti munthu akhale yekhayekha kuti akhale nayo.

Maganizowa ndi akale. Adam Smith analemba mu 1776 kuti anthu a malonda amodzi akakumana, ngakhale pachisangalalo, nkhani yawo siichedwa kuthera pa kupangana zokweza mitengo. Malamulo oletsa zimenezi anabwera mochedwa: Canada mu 1889, America mu 1890 ndi lamulo la Sherman. Mu 1911 khoti lalikulu la ku America linagawa kampani ya mafuta ya Standard Oil ya John D. Rockefeller kukhala makampani 34.

Kuno ku Zimbabwe nkhaniyi inabwera ndi ESAP, ndondomeko ya boma yomasula zachuma, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kale boma ndi limene linkaika mitengo ya zinthu zambiri, ndipo makampani ochepa amene anakula m'nthawi ya UDI, ya boma la Ian Smith, ankatetezedwa ku katundu wakunja. Boma litachotsa dzanja pa mitengo, funso linali lakuti, nanga makampani amene ali okhaokhawa awaletse ndani? Choncho Competition Act inakhazikitsidwa mu 1996 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1998. Mu 2001 bungwe loona za mpikisano analiphatikiza ndi loona za misonkho ya katundu wolowa m'dziko, n'chifukwa chake dzina lake lili ndi mawu awiri aja. Malawi nayo inakhazikitsa lamulo lake mu 1998, chaka chimodzimodzi ndi South Africa.

Apa ndi pamene mkulu uja anandidula: "Ndiye bwanji sangolamula kuti mitengo itsike?" Aliyense amene anali mu Harare mu June 2007 akukumbukira zimene zinachitika boma litalamula kuti mitengo idulidwe pakati: masiku ochepa a chipwirikiti, kenako mashelefu mbee, shuga n'kumakagulidwa mobisa kuseri kwa msika. Kaya lamulo lija linali loyenera panthawiyo kapena ayi, limeneli ndi kuika mitengo. Malamulo a mpikisano amayesa njira ina. Sauza mwini chigayo kuti alipiritse zingati. Amaonetsetsa kuti sakuletsa mnzake kumanga chigayo chachiwiri.

Kodi msika umathera pati?

Gawo ili ndi limene limagwetsa ophunzira ambiri, komanso limene maloya amakanganirapo nthawi yaitali kuposa ena onse. Musananene kuti kampani yagwira msika, muyenera kunena kaye kuti msika wake ndi uti.

Chibuku ndi Castle zili pamsika umodzi? Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti msikawo ndi wa mowa wonse. Ngati womwa Chibuku sangasinthe ngakhale mtengo utakwera, ndiye kuti ndi misika iwiri, ndipo kuwerengera konse kwasintha. Nanga kachasu wophikidwa kuseri, amene salowa m'mabuku a aliyense? Kampani yoimbidwa mlandu nthawi zonse imafuna msika uoneke waukulu, kuti gawo lake lioneke laling'ono. Wodandaula amafuna uoneke wopanikizika.

Chida chimene amaphunzira chinatchuka ndi malangizo a boma la America a mu 1982. Amati tiyerekeze kuti munthu mmodzi wagula onse ogulitsa katundu wakutiwakuti. Atakweza mtengo pang'ono, mwina 5 kapena 10 peresenti, n'kuusiya pomwepo, angapindule? Ngati angapindule, malire a msika mwawapeza. Ngati anthu angathawire ku katundu wina mpaka iye kuluza, katundu winayo mulowetseni m'mpandamo, muyeserenso. Malire amenewa amakhudzanso malo. Tomato wa ku Mbare Musika amapikisana ndi wa ku Chitungwiza, chifukwa kombi imalumikiza. Simenti ndi yolemera, mtengo wonyamulira umakula msanga, choncho fakitale yakutali siopseza ya pafupi.

Pali msampha wina umene aphunzitsi amakonda kutchera ana pamayeso. Mu 1956 khoti lalikulu la ku America linaweruza kuti kampani ya du Pont inalibe mphamvu pamsika wa pepala lokulungira zinthu la cellophane, poti anthu ankatha kugwiritsa ntchito zokulungira zina. Akatswiri anadzaona pambuyo kuti khotilo linaphonya: anthu ankathawira ku zinazo chifukwa mtengo unali utakwezedwa kale kufika pamapeto. Bwererani ku chigayo chija. Mwini wake atati, "Ine ndili ndi mpikisano, taonani amayi akusinja okha," mungamuvomereze? Mtondo wakhala mpikisano chifukwa iye anakweza mtengo mpaka kuwathamangitsa.

Malire akapezeka, amayeza kuti msikawo waunjikana bwanji m'manja mwa ochepa. Muyeso wodziwika ndi wa Herfindahl ndi Hirschman: gawo la kampani iliyonse mumalichulukitsa ndi lokha, kenako n'kuwonkhetsa. Makampani anayi a 25 peresenti iliyonse amapereka 2,500. Makampani anayi omwewo, imodzi itakhala ndi 70 ndipo zitatu 10 iliyonse, amapereka 5,200. Kuchuluka kwa makampani n'kumodzimodzi, koma misika iwiriyi siifanana ngakhale pang'ono.

Atambwali sametana

Mlandu umene pafupifupi akatswiri onse amavomerezana kuti ndi woipa ndi kupangana mobisa: opikisana kugwirizana za mtengo, kugawana madera kapena makasitomala, kapena kupatsana matenda mosinthana kuti lero apambane uyu, mawa uyo. Gulu lotere amalitcha cartel. Kwa wogula zimaoneka ngati pali zigayo zinayi, chonsecho eni ake anakhala kale pansi usiku n'kukhala ngati munthu mmodzi.

Chimene masamu amaonetsa, ndipo ana amachiphunzira m'phunziro la game theory limene John Nash anathandiza kuliumba cha m'ma 1950, n'chimene makolo athu ananena kale: atambwali sametana, amaopa kuchekana. Eni zigayo akapangana dola ndi theka, aliyense payekha amadziwa kuti atatsitsa pang'ono mobisa angakolole makasitomala a anzake. Choncho gululo limakhala ndi chikayikiro mkati. Limalimba ngati mamembala ali ochepa, ngati akutha kuona mitengo ya anzawo mosavuta, ndiponso ngati alendo sangalowe mubizinesiyo.

Aboma anaphunzira kugwiritsa ntchito chikayikiro chomwechi. Amalengeza kuti woyamba kudzaulula sadzalipitsidwa chindapusa. Chitsanzo chapafupi ndi cha buledi ku South Africa. Kumapeto kwa 2006 ogawa buledi ku Western Cape anadandaula kuti mabekale akuluakulu akweza mitengo nthawi imodzi. Premier Foods inathamanga kukaulula n'kukhululukidwa. Tiger Brands inalipira pafupifupi ma rand 99 miliyoni mu 2007, ndipo Pioneer Foods, imene inalimbana nawo mlanduwo, inagamulidwa oposa 195 miliyoni mu 2010. Mu 2013 makampani 15 a zomangamanga analipitsidwa ma rand pafupifupi 1.46 biliyoni chifukwa chopangana pa matenda, ena mwa iwo a mabwalo a World Cup ya 2010.

Koma apa pakufunika kusamala, ndipo ndi pamene wophunzira amasiyana ndi ife olankhula pa WhatsApp. Kufanana kwa mitengo si umboni. Pitani ku Mbare m'mawa, muone amayi makumi awiri atayala milu ya tomato pamzere umodzi, mtengo umodzi. Sanapangane. Onse apikula kwa alimi omwewo pamtengo womwewo, ndipo amene angakweze yekha abwerera nawo kunyumba atafewa. Mpikisano wamphamvu ndi kupangana mobisa zonse ziwiri zimabala mitengo yofanana. Mabekale akakweza buledi tsiku limodzi, mwina apangana, mwinanso ufa wa tirigu ndi dizilo zawakwerera onse pamodzi. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna ziwerengero za miyezi yambiri, za mtengo wogulitsira ndi wa zopangira, ndipo n'chifukwa chake mwana wa mkulu uja amagona mochedwa ndi kompyuta.

Kukula si mlandu

Malamulo ambiri saletsa kampani kukula. Ngati yakula chifukwa katundu wake ndi wabwino, kuilanga kungakhale kulanga khama. Choletsedwa ndi kugwiritsa ntchito ukuluwo potsekereza ena: kugulitsa moluza dala mpaka wamng'ono afe kenako n'kukweza, kuuza wa golosale kuti akasunga katundu wa mnzako sulandiranso wathu, kapena kukaniza ena njira imene sangachite bizinesi popanda iyo.

Mbiri ya mafoni kuno ikuonetsa mbali zonse za nkhaniyi. Kale kampani ya boma ya PTC inali yokha, ndipo munthu ankadikira zaka kuti amuikire foni m'nyumba. Strive Masiyiwa anapita kukhoti, ndipo mu 1995 khoti lalikulu linagamula kuti kutsekereza ena kumeneku kunkaphwanya ufulu wolankhula. Econet inayamba ntchito mu 1998. Lero ndi yaikulu kuposa NetOne ndi Telecel, ndipo EcoCash, njira yake yotumizira ndalama pafoni imene inayamba mu 2011, inafika ponseponse. Wogwetsa mpanda dzulo ndi amene lero ali wamkulu pabwalo. Sikuti walakwa, apa pali chinthu china chimene ophunzira amachisanthula: njira yotumizira ndalama imakoma anthu akachuluka. Mumalowa kumene kuli azakhali anu ndi wogulitsa masamba wanu. Ukulu umabala ukulu popanda wina kuchita chinyengo. Mikangano ya Google, imene European Union inailipitsa ma euro 2.42 biliyoni mu 2017, imazungulira pa mfundo yomweyi.

Palinso malonda amene kukhala awiri n'kuwononga ndalama. Palibe nzeru yoimika mizere iwiri ya mapolo a magetsi mumsewu umodzi wa ku Glen Norah. Pamenepo m'malo mwa mpikisano amaika woyang'anira, monga ZERA pa za magetsi ndi mafuta kapena POTRAZ pa za mafoni. Ndipo nthawi zina wotsekereza msika amakhala boma lenilenilo: GMB, bungwe la boma logula mbewu, pa chimanga m'zaka zina, monga zinalili ndi ADMARC ku Malawi, kapena ZUPCO, kampani ya boma ya mabasi, kuyambira mu 2020 mpaka 2022 pamene makombi analetsedwa kuyenda paokha. Ena ankati zinabweretsa dongosolo, ena ankaloza mizere ya anthu pa siteshoni ya Copacabana ndi kuchuluka kwa mushikashika, magalimoto onyamula anthu popanda chilolezo. Wophunzira amafunsidwa kuti ayeze zonse ziwiri ndi manambala.

Makampani akafuna kukwatirana

Ntchito yambiri ya tsiku ndi tsiku m'mabungwe a mpikisano ndi yopenda makampani ofuna kuphatikizana. Amaipenda isanachitike, poti madzi akatayika saoleka. Pa makampani anayi a 25 peresenti aja, awiri akaphatikizana muyeso umalumpha kuchoka pa 2,500 kufika pa 3,750. Eni ake amanena kuti akakhala amodzi ndalama zopangira katundu zitsika. Mwina n'zoona. Funso ndi lakuti, zotsikazo zidzafika kwa wogula?

Ife a ku Malawi pali chotinyaditsa pang'ono apa. Makampani ochita malonda m'mayiko angapo a COMESA akamaphatikizana, nkhani yawo imakapendedwa ku Lilongwe, kumene kuli likulu la bungwe la COMESA loona za mpikisano, limene linayamba ntchito mu January 2013. Zimbabwe ndi Malawi onse ndi mamembala.

Nanga m'kalasimo mumachitika zotani?

Si phunziro la chaka choyamba. Mwana amayamba ndi maziko a zachuma, masamu ndi ziwerengero, kenako amafika pa phunziro lotchedwa industrial organisation kapena industrial economics, loona mmene makampani amachitirana pamsika wa ochepa. Amakumana ndi Cournot, Mfalansa amene mu 1838 anaonetsa ndi masamu zimene ogulitsa awiri amachita akamapikisana pa kuchuluka kwa katundu, ndi Bertrand, amene mu 1883 anati akamapikisana pa mtengo zotsatira zake zimasiyana kwambiri. Amene amadana ndi masamu asadzinamize. Komanso masamu okha sakwanira: ayenera kuwerenga zigamulo za makhoti ndi kudziwa kufotokozera woweruza amene sanaphunzire zachuma. Ofuna kuzama ambiri a m'dera lino amapita ku University of Johannesburg, kumene kuli likulu la kafukufuku wa nkhanizi lotchedwa CCRED. Ntchito zimapezeka m'mabungwe oyang'anira aja, kwa maloya a makampani, ndi m'maunduna.

Chimene chimadabwitsa ana ambiri n'chakuti akatswiri eni ake sagwirizana. Kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1960 gulu la ku Harvard, la Edward Mason ndi Joe Bain, linkaphunzitsa kuti msika ukakhala m'manja mwa ochepa mitengo imakwera, choncho ukulu wokha ndi wokayikitsa. M'ma 1970 a ku Chicago, monga Robert Bork ndi Richard Posner, anatsutsa: kampani ingakule chifukwa chochita bwino, ndipo muyeso ukhale umodzi, ngati wogula akupwetekedwa kapena ayi. Jean Tirole, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2014, anaonetsa kuti yankho limasiyana malinga ndi mtundu wa malonda. Posachedwapa ena, monga Lina Khan amene anatsogolera bungwe la FTC loona za mpikisano ku America kuyambira mu 2021 mpaka 2025, ayambanso kunena kuti kuyang'ana mtengo wokha kunalekerera makampani a pa intaneti kukula mopyola.

Zimene sizinathe

Mabuku ambiri a phunziroli analembedwera mayiko a misika ikuluikulu, ndipo akafika pa Harare amasiya mipata. Dziko laling'ono lingakwanitse mafakitale angati a shuga kapena simenti? Shuga wa kuno amachokera ku Triangle ndi Hippo Valley, wa ku Malawi makamaka ku Nchalo ndi Dwangwa. Mukaumiriza kuti akhale ambiri, aliyense angakhale wamng'ono moti sangatsitse mtengo. Mukatsegula malire kuti wakunja alowe, wogula asangalala, koma wodula nzimbe ku Chiredzi ntchito ingamuthere. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo bungwe lathu lili ndi mbali ziwiri zonsezi m'dzina lake lomwe, mpikisano ndi misonkho yoteteza mafakitale. Zikawombana, itsogole iti?

Kodi lamulo liziyang'ana wogula yekha, kapena liganizirenso ntchito za anthu ndi mabizinesi ang'onoang'ono? South Africa inalemba zimenezi m'lamulo lake, ndipo pamene Walmart inkagula Massmart mu 2011, komanso AB InBev inkagula SABMiller mu 2016, anaika zofunika kutsatira zokhudza antchito ndi opereka katundu. Ena amati n'chilungamo m'dziko la mbiri ngati imeneyo. Ena amati zimatsegula khomo kuti andale alowerere.

Nanga gawo la msika mungaliwerenge bwanji mumzinda umene anthu ambiri amagula ku matakishopu a kumunsi kwa tauni ndi kwa mavenda, amene malonda awo salembedwa paliponse? Masitolo akuluakulu amadandaula kuti mpikisanowo si wachilungamo chifukwa iwo amalipira misonkho ndi kutsatira malamulo a kasinthidwe ka ndalama. Kodi imeneyi ndi nkhani ya mpikisano kapena ya ndalama? Ndipo muyeso uja wa 5 peresenti ungagwire bwanji ntchito pamene katundu mmodzi ali ndi mtengo wa madola ndi wina wa ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inabwera mu April 2024, ndipo yonse iwiri imasintha pazifukwa zosakhudzana ndi wogulitsa?

Mkulu uja anamvetsera zonsezi atapinda manja. Pamapeto anangofunsa kuti, "Ndiye akamaliza, ntchito ikhoza kumupezekera ku Lilongwe?" Ndinati n'zotheka, ngati angalimbike mpaka digiri yachiwiri. Anagwedeza mutu n'kunena kuti akamuuze ayambe kuwongola Chichewa chake, poti pakali pano chimatuluka chosakanikirana ndi Chishona.